Tisanatume AI, tiyambe tawerenga malangizo a chida chake

Aliyense amene anakulira ku Muloza amadziwa kuti mtengo wa chimanga suyang'anidwa mbali imodzi ya malire. Chimanga chikachepa ku Mulanje, matumba amabwera panjinga kuchokera ku Milange, ndipo wogula amayamba wafunsa kuti ndalama ya ku Mozambique ikusinthidwa pa makwacha angati lero. Akalakwitsa nambala imodzi, phindu lake lapita.

Ambiri mwa ife tikapatsidwa ntchito ya kafukufuku pa nkhani ngati imeneyi, masiku ano timathamangira kwa AI. Timaituma kuti iyende m'masamba a pa intaneti, itole mitengo, iike m'ndandanda. Koma AI sitola ndi manja. Imagwiritsa ntchito mapulogalamu otolera uthenga monga Scrapy, Beautiful Soup ndi Playwright, ndipo kagwiritsidwe kake imakaphunzira m'malangizo amene eni zidazo analemba. Maganizo athu ndi akuti chida chotere tizichiyeza ndi malangizo ake, osati ndi kutchuka kwake.

Chifukwa chake n'chakuti munthu akapeza malangizo osamveka amaima n'kufunsa mnzake. AI kawirikawiri imangoganizira n'kupitirira, kenaka n'kutipatsa ndandanda yooneka bwino. Safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo ndife.

Tikupempha kuti tisanasankhe chida tizifunsa mafunso anayi.

Loyamba: kodi malangizowo akunena za mtundu uti wa chidacho? Mapulogalamu amasintha, ndipo chitsanzo chimene chinkagwira ntchito kale chikhoza kukana lero. Malangizo a Beautiful Soup, chida chimene Leonard Richardson anayambitsa mu 2004, amanena poyera kuti akufotokoza za mtundu wachinayi, ndipo ali ndi gawo lothandiza amene anazolowera wachitatu. Malangizo opanda nambala ya mtundu ali ngati mankhwala opanda tsiku lothera mphamvu.

Lachiwiri: kodi akufotokoza chimene chimachitika zinthu zikalakwika? Intaneti yathu imadukaduka, ndipo magetsi amathima ntchito ili mkati. Tiyenera kudziwa ngati chidacho chimayesanso tsamba likakana kutseguka, chimayesa kangati, komanso ngati chimatiuza kuti masamba ena chawalumpha. Ndandanda imene ikusowa theka la misika koma osanena kanthu ndi yoopsa kuposa ndandanda yopanda kanthu.

Lachitatu: kodi akuphunzitsa ulemu kwa eni tsamba? Kuyambira 1994 pali mwambo wa kafayilo kotchedwa robots.txt, kamene mwini webusaiti amalembamo malo amene makina saloledwa kulowa. Malangizo a Scrapy amafotokoza momwe tingauzire chidacho kuti chimvere kafayiloka, komanso momwe tingachichedwetsere kuti chisapemphe masamba ambiri nthawi imodzi. Izi n'zofunika kwa ife, chifukwa webusaiti ya sukulu kapena ya chipatala chaching'ono ikhoza kulemedwa ndi pulogalamu imodzi yosasamala. Tisaiwalenso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, limene MACRA inapatsidwa udindo woliyang'anira. Kupezeka kwa nambala ya foni ya munthu pa intaneti sikutipatsa chilolezo choitola.

Lachinayi ndi limene anthu a kutali saliganizira: kodi chidacho chimatani ndi zilembo ndi manambala athu? Dzina loti Malaŵi, likawerengedwa ndi kachitidwe kolakwika ka zilembo, limasanduka MalaÅµi, ndipo pulogalamu imaliona ngati dziko lina. Malangizo a Beautiful Soup ali ndi gawo lonse la vuto limeneli. Manambala nawo ali ndi msampha wake. M'Chipwitikizi, chimene masamba ambiri a ku Mozambique amalembedwamo, kadontho kamatha kulekanitsa masauzande. Mtengo wolembedwa 1.500 kumeneko ndi 1,500 kwa ife, koma pulogalamu yosauzidwa imawerenga kuti ndi imodzi ndi theka. Taganizani lipoti lonena kuti thumba la chimanga ku Milange ndi lotsika mtengo chotero, ndi wina amene wakongola ndalama ya geni atalikhulupirira.

Tikudziwa chimene anzathu ena anganene. Bandulo ndi yodula, malangizowo ndi aatali, ali m'Chingelezi chovuta, ndipo AI inabwera kudzatipeputsa ntchito. Zonsezi n'zoona. Koma sitikunena kuti tiloweze buku lonse. Theka la ola likukwana kufufuza mayankho a mafunso anayiwa, ndipo tikhoza kugawana m'gulu, wina funso ili, wina lija. Ngakhale AI yomweyo tingaiuze kuti itisonyeze ndime ya malangizo imene yatsatira, ife n'kukaona ngati ndimeyo ilipodi. Ikasowa, tadziwiratu kuti ikungopeka. Pomaliza titenge mizere khumi ya m'ndandandamo, tiiyerekeze ndi tsamba lenileni ndi maso athu.

Muyeso womwewu utigwirenso ifeyo. Popereka kafukufuku wathu kwa aphunzitsi, tilembe dzina la chida, nambala ya mtundu wake, tsiku limene tinatola uthengawo, ndi masamba amene anakana kutseguka. Wophunzira wa chaka chamawa adzayambira pamene ife tasiyira, ndipo sadzakhala ndi mwayi wotifunsa.

Pamsika wa Muloza palibe amene amakhuthula nandolo wake pa sikelo asanaone ngati muvi wayambira pa ziro. Nafenso tisalandire nambala kuchokera ku chida chimene sitinachiyang'ane.