WANCHITO AKADWALA, MALIPIRO AKE ASADWALE NAYE

Anzathu a m'Cipani, amuna ndi akazi a m'masekishoni ndi m'nthambi za ku Shimabala, lero tikambe za munthu uja amene amalawira m'bandakuca kukagwira nchito pa famu, pophwanya miyala kapena m'mafakitale a ku Kafue, ndipo tsiku limene thupi lakana, bwana amuuza kuti akacira akafune nchito kwina. Mau otere tawamva kawiri-kawiri, ndipo ambiri a ife timangopukusa mutu, nkumati ndi mmene dziko liliri. Iai, dziko siliri tero. Zambia ali ndi lamulo, ndipo bwana wolankhula motere akuliphwanya dzuwa likuswa mtengo.

Lamulo limeneli ndi Employment Code Act, nambala 3 ya caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1965. Likunena kuti wanchito akadwala kapena kuvulala popanda kudzicititsa yekha, adziwitse womlemba nchito ndi kupereka kalata ya kucipatala. Akatero, ngati pangano lake la nchito ndi lalitali, lopitirira miyezi 12, alandire malipiro athunthu kwa miyezi 3, ndi theka la malipiro kwa miyezi ina 3. Ngati pangano lake ndi lalifupi, alandire malipiro athunthu a masiku 26 ogwira nchito, ndi theka kwa masiku ena 26. Iyi si mphatso yocokera m'cifundo ca bwana. Ndi ngongole, monga momwe malipiro a pakutha pa mwezi ali ngongole.

Taganizani za bambo amene wagwidwa ndi cifuwa cacikulu. Mankhwala a matenda amenewa amamwedwa miyezi 6, ndipo wodwala afunika kudya bwino kuti mankhwalawo amuyanje. Mukamcotsa nchito sabata yoyamba, adya ciani? Ana ake adya ciani? Adzathamangira ganyu thupi lisanalimbe, matenda nkumubwerera. Ndipo ngakhale miyezi 6 itatha munthu asanacire, bwana sangangomtsekera geti. Ayenera kuyamba wamva mau a dokotala, ndipo pomcotsa ampatse ndalama zosacepera malipiro a miyezi 3 pa caka ciriconse cathunthu cimene anagwira. Amene anagwira zaka 5 atenge malipiro a miyezi 15. Werengani bwino nambala imeneyi, pakuti ndiyo imene ena amaithawa pothamangitsa wodwala msanga-msanga.

Matenda sagwira wanchito yekha. Mwana akagonekedwa pa cipatala ca Kafue, pafunika womdikirira, ndipo tonse tidziwa kuti kawiri-kawiri amene amagona pambali pa bedi ndi mai. Lamulo linaganizira zimenezi. Wanchito amene wakwanitsa miyezi 6 pa nchito ali ndi masiku osacepera 7 pa caka, olipidwa, odwazikira mkazi kapena mwamuna wake, mwana, kapena munthu amene amamsunga, malinga apereke kalata ya dokotala. Alinso ndi masiku ena 3 osamalira za umoyo kapena za sukulu za a m'banja mwake, ndi masiku osacepera 12 pakagwa maliro a mkazi, mwamuna, kholo, mwana kapena womsunga uja. Masiku odwazikira aja sacotsedwa pa chuthi ca pacaka. Za amai apakati, amene ali ndi masabata 14, tidzakamba tsiku lina.

Tsono ukathyali uli pati? Uli pa dzina. Munthu wagwira pa malo amodzi zaka zitatu, nchito yake ndi ya masiku onse, koma m'buku alembedwa kuti ndi waganyu, wapisiweki, kotero kuti akadwala bwana angoti sindikudziwa. Macitidwe olemba munthu ngati waganyu pa nchito yokhalitsa analetsedwa mu 2015, ndipo lamulo la 2019 linabwerezanso ciletsoco. Likunenanso kuti pangano la miyezi 6 kapena kuposerapo lilembedwe pa pepala. Bwana wokana kulemba pangano amadziwa cimene akucita.

Eni mafamu ang'ono-ang'ono amadandaula kuti kulipira munthu amene ali gone kunyumba kumawawa, makamaka caka ca cilala monga 2024. Tikuwamva, ndipo sitinena kuti onse ndi oipa mtima. Alipo amene amanyamula wanchito wao pa galimoto usiku kupita naye kucipatala. Tidziwanso kuti alipo anchito amene matenda ao amabwera Lolemba lokha-lokha, mowa wa Lamulungu utawapweteka. Otere akucititsa manyazi anzao, ndipo Cipani sicingawaikire kumbuyo. Koma pa cifukwa cimeneci ndipo pali kalata ya kucipatala. Waulesi mmodzi asakhale cophimbira ca kumana odwala zenizeni. Pamene malemu Dr Kenneth Kaunda analengeza nzeru za Humanism mu 1967, anaphunzitsa kuti munthu ndiye woyamba, cuma cibwera pambuyo, ndipo sitiona cimene casintha pa mfundo imeneyo.

Nchito yatsala ndi yathu. Apampando a masekishoni, atsogoleri a amai ndi acinyamata, pa msonkhano ukubwerawu werengerani anthu manambala ali pamwambawa, pang'ono-pang'ono, kufikira aliyense atawasunga pamtima. Uzani wanchito kuti akadwala atumize uthenga kwa bwana tsiku lomwelo, asunge kalata ya kucipatala ndi timapepala tonse ta malipiro, ndipo ajambulitse kalatayo asanaipereke, cifukwa makalata ena amasowa m'maofesi modabwitsa. Bwana akakana kulipira, nkhani ipite kwa a bungwe la anchito ngati lilipo pamalopo, kapena kwa ofisala wa Boma woona za anchito. Wodwala sangayende yekha ulendo umenewu, cotero nthambi isankhe munthu mmodzi womperekeza, ndipo imsonkhere ndalama ya basi.