Khomo limodzi lolowera m'makina a boma: phindu ndi chiopsezo chake kwa anthu a ku Malingunde

LILONGWE: Mlimi wa ku Malingunde, m'dera la mfumu yaikulu Masumbankhunda m'boma la Lilongwe, masiku ano amasamala chiphaso cha unzika monga momwe makolo ake ankasamalira chiphaso cha msonkho m'masiku akale, chifukwa akudziwa kuti chikatayika zinthu zambiri pamoyo wake ziima.

Chiphaso chimodzichi ndi chomwe amaonetsa potsegula akaunti ku banki, polembetsa nambala ya foni, polembetsa m'kaundula wa chisankho komanso pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Koma kwa wogwira ntchito m'boma yemwe amamuthandiza mlimiyu, zinthu n'zosiyana. Makina a zachuma, a malipiro, a zaumoyo ndi a zaulimi anabwera pa nthawi zosiyana, kudzera m'makampani ndi mabungwe othandiza osiyana, ndipo kawirikawiri alionse amafuna dzina lakelake ndi nambala yachinsinsi yakeyake.

Pamene ntchito zambiri za boma ndi za makampani zikusamukira pa intaneti, funso lomwe likukula ndi lakuti kodi nthawi yakwana yoti wogwira ntchito azilowera khomo limodzi m'makina onsewa, ndipo ngati ndi choncho, ndani azisunga kiyi wa khomolo.

Momwe njirayi imagwirira ntchito

Akatswiri a makompyuta amaitchula njirayi kuti single sign-on. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amadzizindikiritsa kamodzi pamalo amodzi, kenaka makina ena onse omwe ali ndi chilolezo chowagwiritsa ntchito amamulandira osamufunsanso nambala yachinsinsi.

Pamakhala mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kaundula wa ogwira ntchito, momwe mumalembedwa dzina la munthu aliyense, udindo wake ndi gulu lomwe ali. Mabungwe ambiri masiku ano sasunganso kaundulayu pa kompyuta ya mu ofesi mwawo, koma pa makina a makampani akuluakulu omwe amafikiridwa kudzera pa intaneti. Chitsanzo chodziwika ndi cha kampani ya Microsoft, chomwe kale chinkatchedwa Azure Active Directory ndipo mu 2023 chinasinthidwa dzina kukhala Microsoft Entra ID. Makampani a Google ndi Okta nawonso amagulitsa ntchito yotere. Mbali yachiwiri ndi pulogalamu yogwirira ntchito, monga yolembera ndalama, yosungira katundu kapena yolipirira antchito.

Munthu akafuna kulowa mu pulogalamuyi, imamutumiza kaye ku kaundula uja. Kaundula akatsimikiza kuti ndi iyeyo, amapereka uthenga wokhala ndi chidindo cha makina wonena kuti munthuyu ndi ndani komanso ali m'gulu liti. Pulogalamuyo imaona ngati chidindocho n'chenicheni, n'kumutsegulira. Zili ngati kalata yochokera kwa nyakwawa: ofesi ya boma siimudziwa mwini kalatayo, koma imakhulupirira chidindo cha mfumu yomwe ikumudziwa.

Kuti mbali ziwirizi zimvane, pali malamulo omwe makampani anagwirizana. Odziwika kwambiri ndi SAML 2.0, omwe anavomerezedwa mu 2005, ndi OpenID Connect, omwe anatuluka mu 2014. Polumikiza, akatswiri amauza mbali iliyonse adiresi ya inzake, amapereka ku pulogalamu chiphaso chozindikirira chidindo cha kaundula, amagwirizana chinthu chimodzi chozindikirira munthu monga imelo kapena nambala ya ntchito, kenaka amasankha magulu omwe aloledwe kulowa. Ntchito yeniyeni yolumikiza itha kutha tsiku limodzi. Chomwe chimatenga nthawi ndi kuyeretsa kaundula, chifukwa ngati muli mayina a anthu omwe anamwalira kapena anasiya ntchito, makina onse olumikizidwa adzawalandira anthu amenewo ngati amoyo.

Phunziro la Cashgate

Dziko la Malawi lili ndi chifukwa chokwanira choganizira mozama nkhani ya yemwe akulowa m'makina a boma. Mu September 2013 kunaululika kubedwa kwa ndalama za boma komwe kunatchuka ndi dzina loti Cashgate. Kafukufuku wa kampani ya ku Britain ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho.

Njira yomwe akubawo ankagwiritsa ntchito inadutsa m'makina oyendetsera chuma cha boma a IFMIS. Ankalowetsa malipiro opita ku makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, cheke chikatuluka n'kufufuta zomwe analembazo. Kufooka kwa ndondomeko yoona yemwe ali ndi mphamvu zolowa, kulemba ndi kufufuta m'makinawa ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zinapereka mpata. Zotsatira zake zinafika mpaka kumudzi, pakuti mayiko ndi mabungwe othandiza dziko lino anaimitsa thandizo lopita mwachindunji ku bajeti ya boma, ndipo zipatala ndi sukulu zinamva kuwawa kwake. Boma linayamba kugwiritsa ntchito makina atsopano a IFMIS mu 2020.

Apa ndi pomwe khomo limodzi limaonetsa ubwino wake. Wogwira ntchito akapuma, akachotsedwa kapena akasamutsidwa, dzina lake limatsekedwa pamalo amodzi ndipo makomo onse amatsekeka nthawi yomweyo. Pomwe makina alionse ali ndi kaundula wakewake, n'zosavuta kuti munthu atsekedwe uku n'kuiwalika uko. Kachiwiri, pamakhala buku limodzi losonyeza yemwe analowa, nthawi yomwe analowa ndi komwe analowera, zomwe zimathandiza ofufuza za chuma. Kachitatu, munthu yemwe akusunga nambala yachinsinsi imodzi sakhala ndi chifukwa choilemba pa kapepala n'kumata pa kompyuta, ndipo n'zotheka kuonjezera chitetezo china monga nambala yobwera pa foni yake.

Komabe makina sangathetse mchitidwe wobwerekana nambala zachinsinsi. Ngati mkulu wa ofesi apereka nambala yake kwa kalaliki pofuna kuti ntchito isaime iye ali ku maliro kapena ku msonkhano, ndiye kuti wapereka makiyi a nyumba yonse, osati a chipinda chimodzi.

Maziko omwe alipo kale

Kumbali ya nzika, maziko a chizindikiro chimodzi anaikidwa kale. Potsatira lamulo la kalembera wa unzika la 2010, bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP ndi mabungwe ena, linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kuposerapo m'chaka cha 2017, ndipo linatenga zidindo za zala ndi zithunzi zawo. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala zonse za foni zilembetsedwe, ndipo chiphasochi chinagwiritsidwa ntchito pa kalembera wa chisankho cha 2019 komanso cha 2025.

Mu 2022 boma linatsegula malo osungira uthenga wa makompyuta a dziko lonse mu mzinda wa Blantyre, omwe anamangidwa mogwirizana ndi kampani ya Huawei. Pa nkhani ya malamulo, pali lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta, komanso lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe linapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhaniyi ndipo lili ndi mfundo zokhudza kutumiza uthenga wa anthu kunja kwa dziko. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa bungwe lomwe laika kaundula wake pa makina a kampani yakunja limakhala litatumiza mayina a antchito ake kunja kwa malire.

Zomwe alimi anaona pa AIP

Anthu a ku Malingunde, Mitundu ndi Nathenje safunika kuwauza zomwe zimachitika makina apakati akakanika. Mu 2020 boma linayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, momwe makuponi a mapepala analowedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika. Mlimi ankapereka chiphaso, wogulitsa n'kuchiwerenga ndi foni, ndipo makina apakati ankatsimikiza ngati dzinalo lili pa mndandanda, mlimiyo asanagule thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa mtengo wa K4,495.

Njirayi inachepetsa makuponi achinyengo omwe ankavutitsa ndondomeko yam'mbuyomo. Koma m'madera ambiri m'dziko muno alimi ankaswera pa mizere, ena mpaka kugona kumene, chifukwa cha kuvuta kwa netiweki. Kunamvekanso malipoti a mavenda omwe ankagula kapena kusonkhanitsa ziphaso za alimi pofuna kukagula feteleza m'dzina lawo.

Zinthu ziwirizi ndi zomwezo zomwe zimavutitsa khomo limodzi m'maofesi. Choyamba, malo otsimikizira akasiya kuyankha, aliyense amaima, ngakhale feteleza ali m'nyumba yosungiramo katundu ndipo wogulitsa ali pomwepo. Mvula siidikira netiweki, ndipo chimanga chomwe chathiridwa feteleza mochedwa sichibweza zomwe chataya. Chachiwiri, chizindikiro chikakhala chimodzi, mtengo wake kwa akuba umakwera.

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumidzi, komwe nyumba zokhala ndi magetsi a ESCOM zinali zochepa kwambiri. Ndondomeko yomwe imafuna kuti mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo alandire nambala pa foni nthawi iliyonse yomwe akulowa m'makina iyenera kukumbukira kuti foniyo imafuna kutchajidwa, imafuna mayunitsi ndipo imafuna netiweki. Dera la Malingunde lili ndi madamu a Kamuzu omwe amamwetsa mzinda wa Lilongwe, ndipo kufupi ndi Mitundu kuli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Bunda, koma kuyandikana ndi likulu sikutanthauza kuti mudzi uliwonse uli ndi zomwe zili ku Capital Hill.

Khomo likathyoledwa

Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza ziphaso zoyendera kwa masabata angapo. Mu February chaka chimenecho, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a nthambiyi ndipo ankafuna ndalama kuti awamasule. Anthu ofuna kupita kunja kukagwira ntchito, kukaphunzira kapena kukalandira thandizo la mankhwala anasowa mtengo wogwira. Apa anali makina a nthambi imodzi. Akanakhala makina olowera nthambi zonse, vutoli likanafika ku zipatala, ku malipiro ndi ku misonkho tsiku lomwelo.

Ngakhale mayiko olemera akumanapo ndi zotere. Mu 2023 kampani ya Microsoft inavomereza kuti akuba anapeza kiyi wina wodindira mauthenga olowera, n'kumugwiritsa ntchito powerenga maimelo a nthambi zina za boma la United States. Dziko la Estonia, lomwe limatamandidwa pa ntchito za boma za pa intaneti, mu 2017 linakakamizika kuimitsa kwa kanthawi mphamvu ya ziphaso zoposa 700,000 atapeza chilema m'kachipangizo ka m'ziphasozo. Chomwe chinathandiza dzikolo n'chakuti linauza anthu poyera, linali ndi akatswiri akeake komanso linali ndi njira zina zoti anthu alowere m'makina.

Zoyenera kuyamba

Zonsezi zikuonetsa kuti funso si lakuti khomo limodzi ndi labwino kapena loipa, koma zomwe ziyenera kukhalapo lisanamangidwe. Kaundula wa ogwira ntchito ayenera kugwirizana ndi wa NRB pofuna kuti mayina a anthu omwe kulibe asalowe. Munthu aliyense apatsidwe mphamvu zokhazo zomwe ntchito yake ikufuna, ndipo wolowetsa malipiro asakhale yemweyo wovomereza kapena wofufuta. Boma kapena kampani izisunga yokha makiyi akuluakulu, ndipo mgwirizano ndi wogulitsa makina uzinena momveka zomwe zidzachitike mgwirizanowo ukadzatha. Tsiku lotha mphamvu la chiphaso cha chidindo lizidziwika, chifukwa likangodutsa osachikonzanso, antchito onse amatsekeredwa kunja. Koposa zonse, pakhale njira yovomerezeka yogwirira ntchito netiweki ikasowa, yomwe zolembedwa zake zimakalowa m'makina pambuyo pake.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito yotere siingasiyidwe m'manja mwa akatswiri a makompyuta okha, popanda owerengera chuma, aphungu, makhonsolo ndi mafumu omwe amadziwa anthu awo.

Muyeso wa ndondomekoyi sudzakhala kuchuluka kwa makina omwe alumikizidwa ku likulu, koma ngati mayi yemwe wanyamuka m'bandakucha ku Malingunde kupita ku chipatala cha Mitundu, kapena mlimi yemwe wafika pa msika wa Nathenje ndi chiphaso chake m'manja, adzathandizidwe tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe.