Keyala Yobwereka: Achinyamata ndi Manambala a Anthu Owadziwa

Kale mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akamaliza sukulu nayamba kufuna ntchito m'makampani a ku Makata ndi ku Limbe, ankalemba pa kalata yake keyala ya sukulu, ya mpingo kapena ya kuntchito kwa amalume ake. Yankho linkafikira m'bokosi la eni ake ku positi ofesi, kotero kuti amalumewo akasamutsidwa, kalata yomuitana ku ntchito inkasowa. Lero lamya ya m'manja yalowa m'malo mwa bokosi lija, koma vuto la keyala yobwereka likadalipo.

Kalipentala wa mu msika wa Ndirande, telala wa ku Zingwangwa ndi mphunzitsi wa ku Chilomoni amene amaphunzitsa ana mwapadera madzulo, onsewa amapeza ntchito kudzera mwa anthu owadziwa. Mndandanda wa maina ndi manambala a anthuwo ndiwo mpamba wawo weniweni. Komatu ambiri amausiya m'magulu a pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa LinkedIn, osadzifunsa kuti nkhokwe imene akututiramo ndi ya yani.

Nkhokwezi zili ndi eni ake, ndipo zimagulitsidwa monga malonda ena onse. Kampani ya Facebook inagula WhatsApp mu 2014, ndipo Microsoft inagula LinkedIn mu 2016 pa mtengo wa madola 26.2 biliyoni. Ndalama zonsezi sizinali za nyumba kapena makina okha. Chuma chachikulu chinali anthu olembetsa pamodzi ndi mbiri ya ntchito zawo. Mwini akafuna amatseka: Google+ inatsekedwa mu 2019, nayo Skype inatsekedwa mu 2025. Ngakhale osatseka, makina amafa. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6 pa dziko lonse lapansi, ndipo wamalonda amene ankadalira njirazi zokha anangoti kakasi. Akuluakulu ananena kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Kuno kwathu nkhaniyi imayambira pa simukhadi. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala ili yonse ya TNM kapena Airtel ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Wachinyamata amene analembetsa nambala yake ndi chiphaso cha mchimwene wake kapena cha mayi ake adziwe kuti, pamaso pa kampani, nambalayo si yake. Lamya ikabedwa m'minibasi ya ku Machinjiri, woyenera kukatenganso nambalayo ndi uja dzina lake linalembedwa. Tsono popeza WhatsApp imamangidwa pa nambala, wotaya nambala amatayanso magulu onse a anzake a ntchito. Ndiponso WhatsApp imafufuta akaunti imene yakhala masiku 120 osagwiritsidwa ntchito.

Malamulo ayamba kuchitapo kanthu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 lamulo latsopano loteteza mbiri ya anthu, lotchedwa Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito, MACRA ndi kupatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene bungwe likusunga zokhudza iye, wokonzetsa zolakwika ndi wopempha kuti zifufutidwe. Ichi n'chinthu chabwino ndithu, koma lamulo silingabwezere mmisiri manambala amene iye mwini sanawasunge.

N'chifukwa chake wachinyamata asanasankhe njira yodziwanirana ndi anthu a ntchito, ayenera kufunsa mafunso atatu. Kodi njirayi imalola munthu kutulutsa mndandanda wake ndi kupita nawo kwina? Kodi nambala kapena imelo imene akulembetsera ili m'dzina lake? Nanga ikatsekedwa mawa, makasitomala adzamupeza bwanji? LinkedIn imalola munthu kutenga mndandanda wa anzake, koma imelo imatuluka ya okhawo amene anavomereza. Choncho amene wadziwana ndi bwana wolemba ntchito apemphe nambala yake mwaulemu, ailembe yekha.

Kope la sukulu lili ndi malo ake, koma nalonso si lodalirika palokha. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, matope anakokolola malamya ndi mapepala omwe. Nzeru ndi kusunga mndandanda pawiri kapena patatu: m'lamya, pa imelo ya dzina la mwini, ndi m'kope losungidwa kwa mbale wa dera lina.

Chomaliza n'chakuti manambalawo alinso ndi eni ake. Kasitomala amene anapereka nambala kwa telala sanavomereze kuti aponyedwe m'gulu la malonda kapena kuti nambalayo ipatsidwe kwa anthu achilendo, makamaka masiku ano pamene akathyali akubera anthu ndalama za pa lamya. Aphunzitsi a Fomu 4, amene amaphunzitsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, achita bwino kuwonjezerapo phunziro ili, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.