ZA MAGALIMOTO: Kanyali Kofiira Koyaka Nikazima

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, mavaneti ndi malole a m'midzi sapumula. Usana anyamula cimanga, nshawa ndi thonje kupita kumisika, ndipo usiku ndiwo athamangitsa odwala kucipatala. Pa maulendo otere madalaivala ambiri aona kanyali kofiira kokhala ndi cithunzi ca batire kakuyaka pang'ono, nikazimanso. Popeza galimoto ikali kuyenda bwino, ena sakasamala konse. Ena athamangira kukagula batire yatsopano, koma patapita masiku owerengeka kanyali kaja kabweranso, ndalama zitapita kale.

Cofunika kudziwa ndi cakuti kawirikawiri mlandu suli pa batire. Kanyaliko kanena za makina amene adzaza batire, omwe dzina lake ndi alternator, kapena dainamo pa magalimoto akale. Dalaivala akapotokola kiyi kayaka, cifukwa moto ucokera ku batire kokha. Injini ikalira, alternator iyamba kupanga moto wake ndipo kazima. Tsono kakayaka paulendo, ndiye kuti pa nthawi imeneyo galimoto ikudya moto wa m'batire popanda kubwezera, monga banja lotapa m'nkhokwe koma osalima. Nkhokwe ikatha, nyali za kutsogolo zizilala, injini nizima, mwina pakati pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi ulalo wa Luangwa, kumene makanika ali kutali.

Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Bvuto lobwera nilicoka lifuna munthu wopenyetsetsa nthawi imene lionekera. Ngati kanyali kaphethira pa msewu wa mabampu, pali waya wina wogwedera. Ngati kayaka galimoto itangowoloka madzi, lamba wanyowa ndipo aterereka. Ngati kayaka usiku nyali zonse zitayatsidwa, ndipo kumveka kulira kwa tswii m'injini, lamba ndi wolobodoka. Ngati kayaka injini ikulira pang'onopang'ono, nikazima dalaivala akaponda mafuta, kambiri ndi mabulashi a m'kati mwa alternator amene ayamba kutha.

Mwini galimoto wanzeru ayamba ndi zinthu zosalira ndalama. Azimitse injini, acotse kiyi, ndipo adinikize lamba ndi cala cacikulu pakati pa mapule awiri. Lamba womangidwa bwino alowa pafupifupi sentimita 1 cabe. Akalowa kwambiri, amasule mabauti a alternator, aikokere kunja pang'ono, namangenso. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi kapule ka sipuling'i kamene kakoka lamba kokha, ndipo nako kamatopa. Lamba wong'aluka, wonyezimira kapena wa mafuta ayenera kusinthidwa. Pa mavaneti ambiri lamba yemweyo ndiye azunguza pampu ya madzi. Cotero ngati kanyali kayaka osazimanso, ndipo singano ya kutentha ikwera, dalaivala aime pomwepo, cifukwa kupitiriza ndiko kuotcha injini yonse.

Caciwiri ndico mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umera pamenepo utsekereza moto. Ucoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda yophikira delele, koma madziwo asalowe m'kati mwa batire. Pomasula ayambe ndi waya wa cizindikiro ca (-), ndipo pomanga ukhale womalizira, kuti sipanala ikakhudza citsulo isathethetse moto. Atamanga zolimba apakepo vaselini pang'ono. Ayang'anenso waya wocokera ku batire kupita ku thupi la galimoto, ndi pulagi ya kumbuyo kwa alternator, pakuti fumbi ndi kugwedezeka kwa misewu ya kumidzi zimasula zimenezi.

Zonsezi zikakhala bwino koma kanyali kakali kuphethira, nchito yatsala kwa makanika wokhala ndi mita. Batire yodzala, injini ili cete, ionetsa mavolti pafupifupi 12.6. Injini ikulira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikatsika pansi pa apa, kapena ikamakwera nitsika, makanika atsegule alternator. Nthawi zambiri apeza mabulashi atatha kapena regulator itafa, ndipo zimenezi mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi alternator yathunthu.

Pali cizolowezi cina coipa ca kucotsa waya wa batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati alternator igwira nchito. Kutero kuthyola miyendo ya ng'ombe yolima: moto ukwera mwadzidzidzi nuononga regulator, madayodi, ngakhale kompyuta ya galimoto za masiku ano.

Amene kanyali kamupeza pakati pa ulendo azimitse wailesi ndi zonse zosafunika, asazimitse injini wambawamba, ndipo ayesetse kufika pa galaji kusanade. Koma cabwino koposa ndi kuyang'ana lamba ndi mitu ya batire asananyamuke, ndi kusunga lamba wina pamodzi ndi masipanala pansi pa mpando. Mphindi zocepa pabwalo la panyumba ziposa usiku wathunthu m'thengo ndi wodwala kumbuyo.