ZA UMOYO M'BANJA: Tisamsiye Agone Mbali Imodzi

M'midzi ndi m'makomboni mwathu simusowa nyumba momwe wina ali cigonere cifukwa ca kuthyoka fupa. Pena ndi agogo amene anaterereka pamatope nathyoka m'ciuno, pena ndi mnyamata amene anagwa pa njinga. Akamtulutsa m'cipatala, ife tiyesa kuti zatha, cikhalireco nchito yathu ndiye yayamba kumene.

Fupa la munthu wamkulu litenga masabata 6 mpaka 12 kuti lilumikizane, ndipo mwa okalamba licedwa koposa. M'masabata amenewa mdani wamkulu ndiye kugona malo amodzi. Pamene thupi litsamira pa mphasa, magazi sayenda bwino, khungu lifa, ndipo pabuka cilonda cimene cingadye mnofu mpaka kufika pa fupa. Zilondazi zikonda kumunsi kwa msana, m'mbali mwa ciuno, pa zidendene, pa zigongono ndi pa mapewa.

Mankhwala ace safuna ndalama: timtembenuze wodwala pa maola awiri alionse, usana ndi usiku womwe. Tisanacoke kucipatala, tipemphe anamwino ationetse katembenuzidwe kace, pakuti wovulala msana atembenuzidwa ndi anthu angapo pamodzi, mutu, msana ndi miyendo zili zolunjika. Tiike mtsamiro pakati pa maondo, ndi wina kunsi kwa miyendo kuti zidendene zisakhudze pogona. Zofunda zikhale zouma ndi zosakwinyika. Pomsambitsa tiyang'ane khungu. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga, cotero tifune malo amene ada koposa, otentha kapena olimba. Malo otere tisawasisite. Tingoonetsetsa kuti sawagoneranso, ndipo tiuze a cipatala.

Ngati wamangidwa cikhakha, cimene ambiri amati pulasitala, cisanyowe, ndipo tisalowetsemo kamtengo pofuna kukanda. Mwendo ukhale pokwera. Zala zikatupa, kuzizira, kucita dzanzi kapena kusintha maonekedwe, kapenanso ululu ukanka nukula, tithamangire kucipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuce, popeza mwendo ungathe kufa. Timkumbutse kupuma mozama ndi kutsokomola kuti apewe cibayo, ndiponso kugwedeza mapazi, monga anenera adokotala, kuti magazi asaundane. Adye nyemba, nshawa, kapenta, mazira ndi ndiwo zamasamba. Tisammane madzi poopa kuti anganyowetse pogona.

Tsono funso nali: ndani adzadzuka pakati pa usiku kwa miyezi iwiri kapena itatu? Kawirikawiri katundu yense agwera mai mmodzi, amenenso ayenera kulima, kutunga madzi ndi kuphika. Iye akalema, wodwala agona mbali imodzi mpaka mbandakuca. Ife a mu mphakati timabwera pa Sondo, tiimba, tipemphera, nkubwerera kwathu. Pemphero ndi lofunika ndithu, koma pamene alendo acoka wodwalayo afunikabe womtembenuza. Mutu umodzi susenza denga. Wofa ziwalo wa mu Marko mutu 2 anafika kwa Ambuye Yesu cifukwa anthu anai anamnyamula.

Camillus de Lellis Woyera, amene anamwalira ku Roma mu 1614, anakhala zaka zambiri ndi cilonda ca pa mwendo cosapola, komabe anali kusambitsa odwala ndi kuwayalira ndi manja ace. Mu 1930 Eklezia anamuika kukhala nkhoswe ya anamwino.

Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno, tiyeni tilembe maina a onse ali cigonere m'dera lathu, tigawane masiku ndi maola. Abambo ndi acinyamata asatsale m'mbuyo, pakuti kunyamula munthu wamkulu kufuna mphamvu, ndipo bambo wodwala amasuka akasambitsidwa ndi mwamuna mnzace.