Tambala wabwino musamuphere alendo

Achinyamata ena akufunsa kuti: poti alimi a ng'ombe zamkaka amalandira umuna wa nkhunzi wosungidwa m'kachubu, bwanji osatero ndi nkhuku, tileke kuvutika ndi atambala?

Pa ziweto, ambiri mwa ma ulama saona choletsa. Vuto lili pa nkhukuyo. Umuna wa ng'ombe amauumitsa m'chimfine chozizira madigiri 196 pansi pa ziro, nukhala zaka. Wa tambala ndi wosakhalitsa: ukangotuluka umafooka ola lisanathe, ndipo ngakhale ausungunule ndi mankhwala nkuuika mufiriji, mphamvu yake ndi ya tsiku limodzi basi. Akafuna kuuumitsa amathiramo mankhwala otchedwa glycerol kuti usafe ndi kuzizira. Koma taonani zodabwitsa za Allah: glycerol yemweyo akalowa m'thupi la thadzi amalepheretsa dzira kutenga mbewu. Ayenera kuyamba amuchotsa, ndipo ndi ntchito ya mu labotale imeneyo. Kuikako nakonso nkwa mlungu ndi mlungu, masana thadzi litaikira kale. Ndani kuno ku Mulanje, kapena kugombe la Chilwa, angasiye munda ndi ukonde kuti azichita zimenezi, magetsi ake omazimazimawa?

Pomwe thadzi lili ndi nkhokwe yakeyake m'mimba. Tambala akalikwera, limasunga mbewuyo pafupifupi milungu iwiri, mazira nkumatuluka amoyo. Tambala mmodzi wamphamvu amakwanira mathadzi 10.

Chimatipweteka ife nchina. Pa Idi, pa sadaka, pakabwera apongozi, timagwira tambala wamkulu uja kuti tisachite manyazi, nkusiya kotsalira kokwinimbira kuti kazikwera amake ndi alongo ake. Mawa tidzadandaula kuti mazira akusukusa, anapiye akungofa. Ngakhale nkhuku zakuda za Mikolongwe, zochokera pafupi pompa ku Chiradzulu, boma linazibweretsa kuti atambala ake akweze mtundu wa nkhuku zakumudzi, osati kuti athere mumphika.

Ndiye ine ndikuti tizibwerekana atambala pakati pa midzi, chaka ndi chaka, ndipo mwaulere. Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa kulandira malipiro pa kukweretsa chiweto champhongo. Hadith yake ili mu Bukhari. Tingapangane pamzikiti ikatha swala ya Ijuma, amayi ali pomwepo, poti nkhuku zambiri nzawo.

Chenjezo ndi chitopa. Tambala wobwereka akhale wolandira katemera, ndipo ayambe wakhala m'khola la yekha milungu iwiri asanasakanikirane ndi zanu. Miyezi yotentha ija chitopa chimavuta, kubwerekana kuyambe kwaima.