Kwa Eni Kulibe Mkuwe

Akuluakulu adati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo mwambiwu umapherezeka pa bwalo la mpira. Timu ikamaseŵera kwao, kaŵirikaŵiri imapambana. Kodi chinsinsi chake n'chiyani?

Yankho lidaoneka m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa zipata za mabwalo. Ku Germany, ligi ya Bundesliga idayambiranso pa 16 May popanda ochemerera, ndipo matimu a pakhomo adayamba kugonja kuposa kale. Chinanso n'chakuti oimbira mpira adachepetsa makadi achikasu omwe ankapereka kwa alendo. Apatu tikuona kuti phokoso la khamu limalimbitsa mtima woseŵera, komanso limapotoza chiweruzo cha woimbira, pakuti nayenso ndi munthu.

Komabe khamu silimwetsa chigoli. Mu 1950 Brazil idagonja 2-1 kwa Uruguay pa bwalo la Maracanã, pamaso pa anthu ake pafupifupi 200,000.

Tsono aphunzitsi anzanga, tiyeni tiphunzitse ana athu kuchemerera timu yao, osati kuopseza woimbira. Chipambano chodza chifukwa cha mantha a woweruza n'chakuba.